Musandiimbire, Lembani

Magetsi anathima m'bandakucha.
Mabvuku yense wada bii,
kupatula kagalasi aka m'manja mwanga,
kamene ndakachepetsa kuwala
chifukwa kukachuluka kumandilasa kuseri kwa maso.

Pagulu lathu la Watsapu tilipo khumi ndi anayi.
Lamulo loyamba ndinaika ndine:
musandiimbire, lembani.
Mawu olembedwa amadikira.
Safuna kuti ndiwayang'ane m'maso,
sanyanyala ndikawayankha Lachinayi.
Lachiwiri n'la Zione wa ku Mufakose, wa maso achimbuuzi:
ukaponya chithunzi, nena zomwe zilimo,
foni yake imuwerengere.
Amake Anesu zilembo zimawazunguza, amatumiza mawu apakamwa,
Lonjezo n'kuwalemba m'munsi mwake,
ndi chifuwa chawo chomwe amachilemba.

Usiku uno tagundika ndi filimu ija.
Mnyamata wa otizimu, mzungu, nyumba ya masitepe,
akangoyang'ana bolodi masamu amamugwadira.
Zione wafunsa zomwe zili pachithunzi. Ndamuyankha:
juzi yotuwa, mutu wopendekeka,
manambala akumuzungulira ngati ngumbi panyali.
Ndaseka ndekha mumdima.
Ine masamu anandigwetsa kawiri.
Chomwe ndimadziwa ndi makombi a pamsewu wa Mutare:
ndikamva injini ndili chogona
ndimadziwa kuti iyo ndi ya ku Tafara, ya chitseko chomanga ndi waya.
Ndani angalipire kuti aonere zimenezo?

Kenaka wina wakumbutsa sewero la konkuno.
Mwana wokupiza manja, wosatulutsa liwu,
ati anamulodza azakhali ake.
Gawo lomaliza mneneri wa mkanjo woyera amuwaza madzi,
mwana n'kuti "Amayi,"
limba n'kulira, mayina n'kuyamba kukwera.

Amake Anesu atumiza mawu a mphindi zitatu.
Sindinatsegule. Ndadikira Lonjezo.

"Akuti: wanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
sananenepo amayi.
Amatenga dzanja langa n'kuliika pachitseko cha kabati.
Usiku amaliika patsaya lake.
Akuti: kodi kumeneko si kuitana?
Apa akhala chete nthawi yaitali.
Apa galu wa aneba akuuwa."

Ndayamba kulemba. Ndafufuta. Ndayambanso.
Pamwamba pa mafoni khumi ndi atatu
pakuoneka kuti ndikulemba, ndikulemba,
ndipo palibe wondifulumizitsa.
Kusukulu aphunzitsi ankawerenga mpaka katatu
n'kuloza wina.

Ndikufuna, ndalemba,
mtsikana wakuda ngati ine, wa dzina la kwathu,
alowe mu Mbare Musika atatseka makutu ndi thonje,
mahutala, mawilibala, onse oitanira malonda
azimveka monga ndimawamvera ine, onse nthawi imodzi, ngati matalala padenga.
Agule tomato. Amubere chenje.
Akafika kunyumba akhale pansi pa tebulo kufikira thupi litabwerera,
mlongo wake amukankhire tiyi osafunsa kanthu.
Asachiritsidwe.
Asapambane mpikisano.
Filimu ithe iye akadali iyeyo.

Zione watumiza chala chachikulu,
n'kulemba m'munsi mwachizolowezi: chala chachikulu.
Wina wa ku Dzivaresekwa, yemwe chilowereni sanalembepo,
waponya liwu limodzi lokha: ine.

Lonjezo akuti foni ya msuweni wake imajambula bwino,
Loweruka ali ndi mpata,
koma woseweretsa mtsikanayo asachite kuphunzira kukupiza manja.
Akhale wodziwa kale.
Onse akhala chete. Ndikudziwa amene akumudikira.

Batire latsala pang'ono, bandulo nayo ikutha pakati pa usiku.
Kuchipinda, kuseri kwa nsalu,
amayi atembenuka pabedi.
Iwo amene anayenda nane zipatala zitatu ndi phiri limodzi
kufunafuna pakamwa panga
afunsa ndi mawu atulo:
"Ukucheza ndi yani usiku uno?"

Ndawalembera.
Foni yawo yawala pansi pa pilo.